Kalowedwe ndi moyo wa ophunzira m'sukulu zosula aphunzitsi kuchokera ku Liwonde kufika ku Zomba

Pa msewu wa M3, pakati pa tawuni ya Liwonde ndi mzinda wa Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, pali sukulu zitatu za boma zomwe zimasula aphunzitsi a magawo onse a maphunziro m'dziko muno. Ku Liwonde, m'boma la Machinga, kuli Machinga Teachers Training College yomwe imasula aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale. Ku Domasi, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia m'boma la Zomba, kuli Domasi College of Education yomwe ntchito yake yaikulu ndi kusula aphunzitsi a sekondale. Mumzinda wa Zomba muli sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi, komwe nthambi ya zauphunzitsi imapereka digiri yoyamba komanso digiri yachiwiri ya Masters.

Izi zikutanthauza kuti mphunzitsi wa ku Machinga kapena ku Balaka akhoza kuyamba ndi satifiketi, kukatenga dipuloma, digiri, mpaka Masters osachoka m'chigawo chake. Komabe sukulu iliyonse ili ndi khomo lake lolowera, ndipo kukwera makwerero amenewa sikudalira kukhoza mayeso kokha ayi. Kumadaliranso chilolezo cha kuntchito, ndalama za fizi, komanso ngati boma lili ndi malo oyenera oikapo mphunzitsiyo akamaliza maphunziro ake. Mbali zitatu zimenezi zili m'manja mwa akuluakulu a mu unduna wa zamaphunziro ndi m'makhonsolo.

Chiyambi cha ntchitoyi ku Domasi

Ntchito yosula aphunzitsi m'derali ndi yakale. Amishoni a Church of Scotland anatsegula mishoni ya Domasi m'chaka cha 1884. Gulu la akatswiri la Phelps-Stokes litayendera dziko la Nyasaland mu 1924, boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya zamaphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes Training Centre ku Domasi ndi thandizo la bungwe la Carnegie Corporation la ku America. Sukuluyi inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo, ndipo pambuyo pake inayambanso kuphunzitsa mafumu. Cholinga chinali chakuti mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa bwino azikweza anzake ambiri omwe sanapeze mwayi wa kukoleji.

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, sukulu ya University of Malawi inayamba kulandira ophunzira mu 1965. Aphunzitsi a sekondale ankasulidwa ku Soche Hill College mumzinda wa Blantyre kufikira mu 1973 pamene ntchitoyo inaphatikizidwa ndi Chancellor College, yomwe inasamukira ku Zomba chaka chomwecho. Ku Domasi kunadzakhazikitsidwanso bungwe la Malawi Institute of Education, lomwe linayamba ntchito mu 1982 ndipo ndilo limakonza masilabasi ndi mabuku a m'sukulu za pulayimale ndi sekondale. Koleji ya Domasi inayamba ngati yosula aphunzitsi a pulayimale, koma mu 1993 boma linaisandutsa yosula aphunzitsi a sekondale pa mlingo wa dipuloma kaamba kakuti Chancellor College payokha sinkakwanitsa kutulutsa aphunzitsi okwanira.

Zomwe zinasintha mu 1994

Ndondomeko zambiri za kasulidwe ka aphunzitsi zomwe zilipo lero zinabadwa chifukwa cha zomwe zinachitika mu 1994. M'chakachi boma la mtsogoleri wa dziko Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 22,000, ambiri mwa iwo osapitako ku koleji, omwe anangophunzitsidwa kwa masabata ochepa asanapatsidwe kalasi. Pofuna kuwasula, mu 1997 kunayamba ndondomeko ya MIITEP, momwe mphunzitsi ankakhala miyezi itatu ku koleji ndipo nthawi yotsalayo ankaphunzira ali pantchito.

Ana aja atayamba kufika ku sekondale, vuto linasamukira kumeneko. Mu 1998 boma linaganiza zosandutsa sukulu za MCDE kukhala sukulu za sekondale zoyendera, zotchedwa CDSS. Ambiri mwa aphunzitsi a m'sukuluzi anali a pulayimale omwe anangosamutsidwa opanda maphunziro oonjezera. Ichi ndicho chinachititsa kuti mu 2000 koleji ya Domasi iyambe kuphunzitsa aphunzitsi oterewa ali kusukulu zawo, pansi pa ndondomeko ya SSTEP yomwe inathandizidwa ndi boma la Canada.

Khomo loyamba: koleji ya ku Liwonde

Koleji ya Machinga inamangidwa ku Liwonde ndi thandizo la World Bank ndipo inayamba kulandira ophunzira cha m'ma 2010. Isanatsegulidwe, achinyamata a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi ofuna uphunzitsi ankapita ku makoleji a boma a kutali monga a ku Blantyre, Lilongwe, Kasungu ndi Karonga.

Maphunziro a pakolejiyi amatsata ndondomeko ya IPTE yomwe inayamba mu 2005 m'malo mwa MIITEP, ndipo ndi a zaka ziwiri. Poyamba wophunzira ankakhala chaka chimodzi ku koleji ndi chaka chimodzi kusukulu ya pulayimale yoyesererako ntchito. Silabasi itaunikidwanso mu 2017, dongosolo linasintha: materemu awiri ku koleji, awiri kusukulu yoyesererako, kenaka awiri omaliza kubwereranso ku koleji. Kusinthaku kunapereka mpata woti wophunzira akakumana ndi zovuta m'kalasi, abwerere nazo kwa aphunzitsi ake asanalembe mayeso omaliza, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB.

Unduna wa zamaphunziro ndiwo umalengeza za malo m'makoleji onse a boma nthawi imodzi, ndipo wopempha amafunika kukhala ndi satifiketi ya mayeso a Fomu 4 ya MSCE. Pa mayesowa, giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, pamene 9 ndi kulephera. Osankha amayang'ana kwambiri momwe wopempha anakhozera Chingerezi, masamu ndi sayansi, poti mphunzitsi wa pulayimale amaphunzitsa maphunziro onse a m'kalasi mwake. Chiwerengero cha makirediti ofunika komanso malire a zaka zakubadwa zakhala zikusintha, choncho chikalata cholengeza cha chaka chimenecho ndicho chiyenera kutsatidwa.

Moyo wa pakoleji ndi wogonera komweko. Ophunzira amakhala m'mahositelo, amadyera pamodzi, ndipo tsiku lawo limayendera belu monga zimakhalira kusukulu za sekondale zogonera. Liwonde ndi malo otsika, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha kwambiri. Ophunzira ochokera kumadera okwera monga Dedza ndi Mzimba amatenga nthawi kuti azolowere nyengo ndi udzudzu wa kumeneko.

Nthawi yoyeserera ntchito ndiyo imaonetsa wophunzira zenizeni za uphunzitsi. Amatumizidwa m'magulu kusukulu za kumidzi, komwe amayang'aniridwa ndi mphunzitsi wodziwa ntchito wa pasukulupo, mphunzitsi wamkulu, komanso aphunzitsi a kukoleji omwe amabwera kudzaonerera momwe akuphunzitsira. Nyumba nthawi zambiri imakhala ya pasukulu kapena yomwe makolo apeza m'mudzi, ndipo chakudya amadzigulira ndi alawansi yochokera ku boma. Alawansiyi ikachedwa, wophunzira amadalira ngongole za pagolosale ndi chifundo cha anthu a m'mudzi. Ngakhale boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri za ku Machinga ana amaposa 100.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Ana ambiri a m'boma la Machinga amalankhula Chiyao kunyumba, pamene ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, imagwiritsa ntchito Chichewa ndi Chingerezi. Wophunzira uphunzitsi wosadziwa Chiyao akapatsidwa Sitandade 1, amayamba waphunzira yekha mawu ofunika olankhulira ndi ana, apo ayi phunziro silipita patsogolo.

Omaliza maphunziro akalembedwa ntchito amayambira pa giredi L, yomwe imadziwikanso kuti PT4. Koma kulembedwa sikubwera nthawi yomweyo. Magulu angapo a IPTE akhala akudikira zaka asanalembedwe, ndipo ena amayamba agwira ngati aphunzitsi othandizira pa malipiro ochepa, pomwe sukulu zomwe anayesererako ntchito zikusowabe aphunzitsi.

Khomo lachiwiri: Domasi

Koleji ya Domasi ili pa mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera ku Zomba, m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa. Ili ndi nthambi zitatu: ya zauphunzitsi, ya sayansi, ndi ya maphunziro a zilankhulo ndi chikhalidwe cha anthu. Wophunzira amasankha maphunziro awiri omwe adzaphunzitse ku sekondale, mwachitsanzo masamu ndi Physics kapena Chichewa ndi Chingerezi, ndipo pambali pake amaphunzira njira zophunzitsira, kaganizidwe ka ana ndi kayesedwe ka ophunzira. Dipuloma ndi ya zaka zitatu, pamene digiri ya wolowa ndi MSCE ndi ya zaka zinayi.

Ofika ku Domasi ndi a mitundu iwiri. Oyamba ndi achinyamata ongomaliza Fomu 4, omwe amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, monga momwe zilili m'sukulu za ukachenjede za boma, komanso kukhoza bwino maphunziro omwe akufuna kudzaphunzitsa. Achiwiri ndi aphunzitsi omwe ali kale pantchito, ena a iwo makolo a ana a sekondale, omwe akufuna kukweza maphunziro awo. Ambiri a gulu lachiwirili amaphunzira ali kwawo: amabwera ku koleji sukulu zikatsekera, kudzakumana ndi aphunzitsi ndi kulandira mabuku, ndipo teremu ikayamba amabwerera kukaphunzitsa masana ndi kuwerenga usiku. Ubwino wa njirayi ku boma ndi wakuti kalasi silitsala lopanda mphunzitsi. Kuipa kwake nkwakuti mphunzitsiyo amatha zaka zitatu osapuma, ndipo yemwe ali kusukulu yopanda magetsi kapena intaneti amavutika kutumiza ntchito zake pa nthawi yake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kolejiyi inayambanso digiri ya maphunziro a pulayimale. Cholinga chinali kupeza aphunzitsi a m'makoleji monga ya ku Liwonde, poti kale ambiri ophunzitsa m'makolejiwa ankachokera ku sekondale ndipo anali asanaphunzitsepo mwana wa Sitandade 1. Boma la Japan nalo lathandiza kolejiyi kwa nthawi yaitali, kudzera mu ndondomeko ya SMASSE yokweza kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi komanso pomanga nyumba zoonjezera. Mu 2017 boma linatsegula koleji ina yofanana nayo ku Nalikule m'boma la Lilongwe, zomwe zinachepetsa mtolo wa Domasi.

Khomo lachitatu: digiri yachiwiri ku Zomba

Pa 4 Meyi 2021, sukulu ya University of Malawi inagawidwa patatu. Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Nthambi yake ya zauphunzitsi tsopano imatchedwa School of Education.

Kalowedwe ka digiri yoyamba ndi ka yachiwiri nkosiyana. Ophunzira a digiri yoyamba ochokera ku Fomu 4 amasankhidwa kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo chimayang'anidwa ndi mapoyinti a maphunziro asanu ndi limodzi omwe munthu anakhoza bwino. Njira yosankha potengera boma lomwe munthu akuchokera, yotchedwa kota, inabwezeretsedwa mu 2009 ndipo inathetsedwa mu 2020. Ofuna Masters sadzera ku bungweli. Amapempha okha malo kusukuluyo ikalengeza m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo amapereka digiri yawo yoyamba, chikalata choonetsa momwe anakhozera phunziro lililonse, makalata a anthu owachitira umboni, komanso umboni woti adzatha kulipira fizi. Kawirikawiri amafunikanso kukhala atagwirapo ntchito ya zamaphunziro kwa zaka zingapo. Yemwe ali ndi digiri yosakhudza uphunzitsi koma akuphunzitsa ku sekondale amalimbikitsidwa kuyamba watenga satifiketi ya University Certificate of Education.

Digiri ya Master of Education ili ndi nthambi zingapo, monga ya ndondomeko, mapulani ndi utsogoleri, ya kayesedwe ka ophunzira, ya kaganizidwe ka ana, komanso ya masilabasi ndi kaphunzitsidwe ka zilankhulo, sayansi ndi masamu. Nthambi ziwiri zoyambazo zinakhazikika m'zaka za m'ma 2000 kudzera mu mgwirizano wa UPIC womwe unathandizidwa ndi bungwe la USAID, momwe Chancellor College inagwira ntchito ndi University of Massachusetts Amherst ya ku America. Kale munthu wofuna maphunziro oterewa ankayenera kupita ku Britain, America kapena South Africa, ndipo opitako anali ochepa. Sukulu ya Mzuzu University, yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 1999, nayo imapereka Masters ya zauphunzitsi.

Maphunzirowa amayenera kutenga zaka ziwiri. Chaka choyamba ndi cha m'kalasi, ndipo chachiwiri ndi cha kafukufuku. Wophunzira amalemba dongosolo la kafukufuku wake, kuliteteza pamaso pa aphunzitsi, kupeza chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa ofunsidwa, komanso chilolezo cha ofesi ya zamaphunziro ya dera lomwe akagwireko ntchitoyo. Sukulu za sekondale za ku Machinga, Balaka, Mangochi ndi Zomba zili pansi pa chigawo cha zamaphunziro cha South East, chomwe likulu lake lili ku Zomba, pamene za pulayimale zili pansi pa makhonsolo. Pomaliza wophunzira amalemba buku la zomwe wapeza, lomwe limaunikidwa ndi katswiri wa pasukulupo ndi wina wa kunja.

Moyo wa ophunzira a Masters

Ophunzira a Masters ndi anthu akuluakulu: aphunzitsi aakulu a sekondale, aphunzitsi a m'makoleji, oyendera sukulu, ogwira ntchito ku MANEB ndi ku Malawi Institute of Education, komanso a m'mabungwe omwe si aboma. Ambiri sagona pasukulu poti mahositelo sakwanira ngakhale ophunzira a digiri yoyamba. Amachita lendi m'madera oyandikana ndi sukuluyi monga Chikanda ndi Matawale, kapena kuyendera kuchokera kwawo. Wa ku Liwonde amatha kukwera minibasi m'mawa, kudutsa pa Machinga boma, Malosa ndi Domasi, nkubwerera madzulo, koma ndalama zoyendera zimadya gawo lalikulu la malipiro a mphunzitsi.

Fizi ndi chipsinjo china. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limalunjika kwa ophunzira osowa a digiri yoyamba. A Masters amadzilipirira okha pokhapokha ngati boma kapena bungwe lawalipirira. Ambiri amatenga ngongole ku banki kapena ku SACCO yodulidwa pa malipiro, pomwe akulipiriranso ana awo sukulu.

Gawo la kafukufuku ndilo limachedwetsa ambiri. Chaka cha m'kalasi chikatha, wophunzira amabwerera kuntchito, komwe amapeza mayeso oti achonge, misonkhano ndi malipoti zikumudikira. Mphunzitsi womuyang'anira nayenso amakhala ndi ophunzira ambiri komanso makalasi aakulu a digiri yoyamba. Mwa njira imeneyi maphunziro a zaka ziwiri amatha kutenga zinayi. Kutsekedwa kwa sukulu nako kwasokonezapo kalendala, monga zinachitikira mu 2011 pamene Chancellor College inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa chifukwa cha mkangano wa ufulu wa aphunzitsi pantchito yawo, komanso mu Marichi 2020 pamene sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa kaamba ka mliri wa Covid-19.

Udindo wa akuluakulu a boma

Mphunzitsi wa boma sangachoke pantchito kupita kusukulu popanda chilolezo. Pempho la tchuthi cha maphunziro limadzera kwa mphunzitsi wamkulu, kenaka ku ofesi ya zamaphunziro ya khonsolo kapena ya chigawo, lisanafike ku likulu. Wopatsidwa tchuthi cholipidwa amasainira kuti akamaliza adzagwirabe ntchito m'boma kwa nthawi yoikika. Wochoka popanda chilolezo amatengedwa ngati wajomba ndipo malipiro ake akhoza kuimitsidwa. Vuto limabuka pamene kalata yomuitana kusukulu yafika koma yankho la tchuthi silinatuluke: mphunzitsi amakakamizika kusankha pakati pa kutaya malo ndi kuika ntchito yake pachiswe.

Kwa mkulu wa zamaphunziro m'boma ngati Machinga, kulola mphunzitsi kupita kusukulu si chinthu chapafupi, chifukwa wopitayo amasiya kalasi la ana ochuluka ndipo womulowa m'malo sapezeka msanga. Koma kumukaniza kulinso ndi mtengo wake, poti sukulu za CDSS za kumidzi zimapitirira kudalira aphunzitsi osakwanira maphunziro. Nchifukwa chake nkofunika kuti khonsolo ndi chigawo zikhale ndi dongosolo la maphunziro a ogwira ntchito lokonzedwa chaka chisanayambe, loonetsa omwe apite, phunziro lomwe akatenge, ndi yemwe atsale ndi makalasi awo.

Kukwezedwa pantchito sikubweranso kokha munthu akangobweretsa satifiketi yatsopano. M'boma, wolembedwa ndi digiri amayambira pa giredi I, koma mphunzitsi wa pulayimale yemwe wapeza digiri ali pantchito amadikira kuti malo alengezedwe ndipo akhoze mafunso a bungwe lolemba ndi kukweza aphunzitsi. Ena amakhala zaka akulandira malipiro a giredi yawo yakale, ndipo otopa ndi kudikira amapita ku sukulu zomwe si zaboma kapena ku mabungwe. Zikatero boma limakhala kuti lalipira tchuthi cha maphunziro koma phindu lake lapita kwina.

Sukulu zitatuzi zimadalirana. Mphunzitsi wa pakoleji ya ku Liwonde amasulidwa ku Domasi kapena ku Zomba, ndipo wa ku Domasi amafunika Masters kuti aphunzitse a digiri. Ndondomeko ya boma ya zamaphunziro ya 2020 mpaka 2030 komanso masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, zimafuna aphunzitsi ochuluka ndi odziwa ntchito pa magawo onse. Kuti zimenezi zitheke, mapempho a tchuthi cha maphunziro ayenera kuyankhidwa semesita isanayambe, alawansi ya oyeserera ntchito ifike pa nthawi yake, ndipo omaliza maphunziro aikidwe pa malo ndi giredi zogwirizana ndi zomwe aphunzira.